Msuzi Wokha Sudzutsa Agogo

Amene anafikako ku Misuku amadziwa kuti kumeneku si kwa njala. Ukapatuka pa Kapoka, kusiya msewu wa tala wochokera ku Karonga kupita ku Chitipa, n'kuyamba kukwera mapiri aja, maso amayamba kukhuta mimba isanalandire kanthu. Nthochi zili khomo ndi khomo, nyemba ndi chimanga zili m'minda yotsetsereka, ndipo pamwamba pake nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa zimagwira mitambo osailola kudutsa isanasiye madzi. Khofi wa kuno amatengedwa ndi Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union n'kukamwedwa kutali ndi anthu amene sadziwa ngakhale kumene Chitipa ili. Uchi uliko, ng'ombe ziliko, nkhumba ndi nkhuku ziliko. Ndiye ukauza munthu kuti nkhalamba ikhoza kutha thupi chifukwa cha kadyedwe m'dera la Mwenemisuku, pakhomo pamene moto sunagonepo wosasonkhedwa, adzakuyang'ana ngati wamunyoza.

Koma zinachitikira agogo ena aakazi a zaka za m'ma 70. Dzina sinditchula, pakuti nkhani yawo ndi ya makomo ambiri. Amuna awo atamwalira, agogowa anatsala ndi mwana wawo wamng'ono ndi mkazi wake, pamene mwana wamkulu ankagwira ntchito ku Johannesburg n'kumatumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Ndinene poyambirira pomwe kuti m'nkhaniyi mulibe mpongozi wankhanza, chifukwa anthu akamva za nkhalamba yowonda amathamangira kuloza chala mkazi wa mwana. Mayi ameneyu ankadzuka kusanache kukatenthetsa madzi osamba apongozi ake, ankawachapira, ankawapekera nthochi. Agogo anatha thupi ali m'manja mwa anthu owakonda.

Zinayamba ndi mano. Akumbuyo atatha, nyama inasanduka chilango: ankaitafuna, kuitembenuza m'kamwa, kenako n'kuilavulira m'dzanja n'kupatsa galu. Pofuna kuwachotsera manyazi, mpongozi anayamba kuwathirira msuzi wokha, nthuli n'kugawira ana ndi bambo awo. Kenako agogo anapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala china anawauza kuti achepetse mchere ndi nyama yamafuta. Uthengawo unafika kunyumba utafupika: adokotala aletsa nyama. Wachibale wina anawonjezera kuti mazira nawo amakweza BP, wina anati usipa uli ndi mchere, wina anati mkaka umatsegula nkhalamba m'mimba. Aliyense ankachotsapo chake m'mbale ya agogo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woikamo china m'malo mwake.

Lamlungu lililonse foni inkalira kuchokera ku Johannesburg.

"Alamu, amayi ali bwanji? Adya?"

"Adya, alamu. Ndawaphikira phala, pano akumwa tiyi."

"Mwachita bwino. Ndatumiza kandalama, muwagulireko shuga ndi buledi."

Palibe ananama pamenepo. Agogo ankadyadi katatu pa tsiku: m'mawa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi kapena mbatata, masana phala lamadzimadzi la ufa woyera ndi nthochi, madzulo kachigamba ka nsima ndi msuzi wa nyemba kapena masamba. Mimba inkadzaza. Chimene chinkasowa ndi zakudya zomanga thupi, zimene a zaumoyo amazitcha mapuloteni.

Tiyeni tiwerengere pang'ono, pakuti nkhani ya chakudya cha wokalamba imasokonekera pomwe anthu akuyeza ndi maso. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Mu 2013, gulu la akatswiri a za ukalamba lotchedwa PROT-AGE linanena kuti wopitirira zaka 65 amafunika ochulukirapo, galamu 1.0 mpaka 1.2, ndipo akadwala afike pa 1.2 mpaka 1.5. Agogo olemera makilogalamu 45 ndiye kuti akufunika magalamu 45 mpaka 54 ali bwinobwino. Nthochi ndi chinangwa zili ndi pafupifupi galamu imodzi yokha pa magalamu 100 alionse. Ufa wa chimanga uli nawo ochulukirapo, koma phala lamadzimadzi limadya ufa wochepa kwambiri, ndipo mapuloteni a m'chimanga ndi osakwanira mwa iwo okha. Mukaphatikiza zonse zimene agogo aja ankadya pa tsiku, mwina zinkafika theka la zimene thupi lawo linkafuna.

Nanga msuzi uja? Apa ndi pamene ambiri tinanamizidwa ndi mphuno. Msuzi umatenga fungo la nyama, mafuta ake ndi mchere, koma zomanga thupi zambiri zimatsalira m'nthuli momwemo. Amene wapatsidwa msuzi wokha wapatsidwa kukoma, chakudya chenicheni chadyedwa ndi wina. Ndi nyemba nazonso chimodzimodzi.

Anthu amaganiza kuti nkhalamba, poti silima ndipo sikula, safunika zambiri. Pa nsima n'zoona ndithu, imachepa. Pa zomanga thupi n'zosemphana. Kuyambira zaka za m'ma 30, minofu ya munthu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, pakati pa 3 ndi 8 peresenti pa zaka khumi zilizonse, ndipo akadutsa zaka 60 imatha mofulumirapo. Dokotala wa ku America, Irwin Rosenberg, ndiye anapatsa vutoli dzina loti sarcopenia mu 1989. Chovuta china n'chakuti minofu ya wokalamba imagontha: kachakudya kochepa kamene kangakwane kumanga thupi la mnyamata, kwa agogo sikachita kanthu, amafunika kulandira kokwanira pa chakudya chilichonse kuti minofu imve. Ndipo thupi silidikira. Limafuna mapuloteni tsiku ndi tsiku popangira magazi, polimbana ndi matenda, popoletsa zilonda. Likawasowa m'mbale limakawatenga m'ntchafu ndi m'mikono, ngati munthu wozula mitengo ya nyumba yake yomwe kuti asonkhere moto usiku wachisanu. Usiku umenewo amafundadi.

Pakhomopo nkhuku zinalipo, zinkaikira. Koma dzira la kumudzi lili ndi eni ake ambiri. Ena amasiyidwa kuti nkhuku ifungatire, ena amapita kumsika kukasanduka sopo ndi mchere. Nkhuku imaphedwa kukabwera mlendo, ndipo nthutumba ndi ziwalo zabwino zimadziwika kumene zimapita. Ng'ombe ndiye sitinena: kumpoto kuno ng'ombe ndi banki, ndi malowolo a mnyamata, ndi ulemu wa pamaliro. Palibe cholakwika ndi mwambo wolemekeza mlendo. Chimene chimandipweteka n'chakuti pa mndandanda wa oyenera kudya nyama, mayi wokalamba amakhala kumapeto, ndipo nthawi zambiri amadziika yekha kumeneko. Agogo ajawa, tsiku limene dzira lawafikira, ankaligawa panayi n'kuitana zidzukulu. "Idyani inu, ine ndinadya kale zanga." Mpongozi ankaona, n'kumwetulira, poti ndani angaletse agogo kukonda adzukulu awo?

Zizindikiro zinalipo kwa miyezi. Chitenje chinayamba kuzungulira kawiri. M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, munalowa. Kanyama ka pakati pa chala chachikulu ndi cholozera kanaphwa. Anasiya kufinya okha zovala, ndipo podzuka pa mpando ankayamba agwira khoma. Onse ankati ndi ukalamba, ndipo mawu amenewa atseka pakamwa pa mabanja ambiri. Chonsecho pali njira zoyezera zosalira ndalama. Achipatala amauza wokalamba kuti adzuke pa mpando n'kukhalanso kasanu, manja atapinda pachifuwa. Akapitirira masekondi 15, miyendo yafooka. Amayezanso katumba wa mwendo ndi tepi ya telala: akachepera masentimita 31, minofu yatha.

Kenako kunabwera china choopsa. Agogo anayamba kudandaula dzanzi kumapazi, kuyenda modzandira, kuiwala mayina a zidzukulu, nthawi zina kulankhula zosalumikizana. Tsiku lina m'bandakucha anapezeka kuseri kwa nyumba ya eni ake, asakudziwa njira yobwerera kwawo. Amene amadziwa midzi yathu wamva kale kunong'onezana kumene kunatsatira. Si nkhani yoseka. Mu Januwale 2016, ku Neno, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu atawaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo limakhala kuboma, pomwe nkhalamba yosokonezeka mutu imakhala kumudzi.

Kusokonezeka kwa mutu kuli ndi zoyambitsa zambiri, ndipo zina sizichizika. Koma chimodzi mwa izo ndi kuperewera kwa vitamini B12, amene amasamalira mitsempha, ubongo ndi magazi. Vitamini ameneyu mwachilengedwe amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha: chiwindi, nsomba, mazira, mkaka, nyama. M'nyemba mulibe, m'nthochi mulibe, m'masamba mulibe. Kuwonjezera apo, chifu cha wokalamba chimachepa mphamvu yomutulutsa m'chakudya, ndipo amene akumwa metformin wa matenda a shuga kwa zaka zambiri amataya ochulukirapo. Likazindikirika msanga, vutoli limabwezeka ndi jakisoni kapena mapiritsi. Akachedwa, mitsempha imawonongekeratu. Ndikaganiza kuti penapake nkhalamba ikutchedwa mfiti chifukwa cha chinthu chimene chiwindi cha nkhuku chikadathandiza kupewa, mtima umandiwawa.

Mvula ya ku Misuku siseweretsa. Njira zimaterera, ndipo kumeneku malo athyathyathya ndi osowa; ngakhale kupita kuchimbudzi ndi kutsika kapena kukwera. M'mawa wina agogo anaterereka. Munthu wa miyendo yamphamvu akaterereka amadzigwira, ndipo akagwa minofu ya m'chiuno imatchinjiriza fupa. Iwo analibe chodzigwirira ngakhale chotchinjiriza. Fupa la m'chiuno linathyoka. Ulendo wa pa msewu wafumbi wa m'mapiri nthawi ya dzinja, munthu wothyoka ali kumbuyo kwa galimoto, aliyense adziganizire yekha.

Kuchipatala anawagoneka, mwendo n'kuukoka ndi zolemera kwa masabata angapo, monga zimachitikira m'zipatala zambiri za m'maboma. Bedi limadya munthu kuposa njala. Mu 2007, ofufuza a ku Arkansas ku America, motsogozedwa ndi Patrick Kortebein, anagoneka okalamba athanzi labwino pabedi kwa masiku 10 okha, akuwadyetsa mokwanira malinga ndi muyezo wa munthu wamkulu; anataya pafupifupi kilogalamu yathunthu ya minofu ya m'miyendo. Amenewo anali athanzi. Nanga munthu wofika atatha kale?

M'zipatala zathu, wodyetsa wodwala kwenikweni ndi gadiyani, amene amagona pansi pambali pa bedi n'kumaphika kukhitchini ya magadiyani. Chakudya cha chipatala, phala ndi nsima ya nyemba, chimaphikidwira anthu onse m'poto mmodzi, wa mano ndi wopanda mano. Mpongozi uja anachita zimene ankadziwa: phala, tiyi, msuzi. Odzazonda matenda ankabwera ndi Fanta, Sobo, mabanzi ndi mabisiketi, mpaka kabati wa pambali pa bedi anadzaza shuga yekhayekha. N'zodabwitsa kuti mtengo wa botolo limodzi la zozizilitsa kukhosi ukhoza kugula mazira, koma dzira lowiritsa timaliona ngati mphatso yochititsa manyazi kulowa nalo m'wodi. Kumsana kwa agogo kunabuka zilonda chifukwa chogonera mbali imodzi, ndipo sizinkapola, pakuti chilonda chimapola ndi nyama yatsopano imene thupi liyenera kupanga. Pomaliza chinabwera chibayo. Kutsokomola nakonso kumafuna minofu ya pachifuwa.

Pamaliro panaphedwa ng'ombe. Mwana wa ku Johannesburg anawonjezera mbuzi ziwiri ndi nkhuku zophikira akuluakulu a mpingo. Anthu anadya, ndipo pobwerera ankayamikira kuti ana aja awaika amayi awo mwaulemu.

Wina anganene kuti agogowa akadagwabe, nthawi yawo inali itakwana. Mwina. Koma taonani zimene anapeza ku Australia, kumene okalamba ambiri amakhala m'nyumba zowasamalira. Sandra Iuliano ndi anzake a ku University of Melbourne anatenga nyumba zotere 60, zokhala ndi okalamba oposa 7,000. M'theka la nyumbazo anangowonjezera mkaka, yogati ndi tchizi pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, popanda mankhwala alionse, kwa zaka ziwiri. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2021: kuthyoka mafupa kunachepa ndi 33 peresenti, kuthyoka kwa fupa la m'chiuno ndi 46 peresenti, kugwa ndi 11 peresenti. Ambiri mwa anthuwa anali a zaka zopitirira 80. Thupi la nkhalamba limamvabe chakudya.

Kwathu kuno nyumba zosungira okalamba n'zosowa, ndipo ku Misuku nyumba yosamalira agogo ndi khitchini ya mpongozi, ya mwana wamkazi, nthawi zina ya kamtsikana kamene kasiya sukulu. Wophikayo palibe anamuphunzitsa. Dziko lathu laika mphamvu zambiri pa kadyedwe ka ana ndi amayi oyembekezera, ndipo m'pomveka, poti kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mwana amapita kusikelo mwezi ndi mwezi, amayezedwa mkono ndi alangizi a zaumoyo, akanyentchera amalandira chiponde. Agogo ake amene amamubereka kumsana popita kusikeloko palibe amawakweza pa sikelo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amaphunzitsidwa ngati nkhani ya ana. Ndondomeko ya dziko yokhudza okalamba inatuluka mu 2016, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lowateteza mu 2024, ndipo Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufika ku Chitipa m'maboma oyambirira, amafikira makomo ena a okalamba. Zonsezi n'zabwino, koma palibe mwa izo chimene chimalowa m'khitchini kukaona mbale.

Chimene chikadasintha mbale ya agogo aja sichinali kutali. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6 a mapuloteni, ndipo silifuna mano. Likhoza kuswedwera m'phala lili pamoto n'kutakasidwa mpaka lipse. Kapu ya mkaka ili ndi pafupifupi magalamu 8, ndipo amene mkaka wamba umamutsegula m'mimba nthawi zambiri chambiko amachimwa bwinobwino. Usipa wouma wochokera ku Karonga, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Ukatsukidwa kuchotsa mchenga, kukazingidwa pang'ono n'kusinjidwa mumtondo, umasanduka ufa wothira m'phala, m'masamba kapena m'nthochi zophika, ndipo minga yake yosinjikayo ndiyo imalimbitsa mafupa. Mtondo womwewo umasinja nyama yophika. Ngakhale mbalagha ija ya nthochi ndi nyama ya ng'ombe, ikapsa mpaka nyama kumanyenyeka yokha n'kupekedwa pamodzi, wopanda mano amadya. Chiwindi kamodzi pa sabata chimakwana. Ngumbi, nyengo yake ikafika, nazonso ndi nyama.

Nyemba sindikuzinyoza, ndipo Misuku ndi kwawo kwa nyemba. Nsima ikakumana ndi nyemba zimakwaniritsana. Vuto ndi kukula kwa mbale: kuti agogo apeze zokwanira kuchokera ku nyemba zokha ayenera kudya zambiri, pamene chilakolako cha chakudya chinachepa ndipo mimba imafufuma msanga. Chipere chochotsa makoko, nsinjiro ndi ufa wa soya zimathandiza kwambiri, koma kanthu kakang'ono kochokera ku nyama kamanyamula zambiri m'supuni zochepa. Zimenezi zigawidwe m'mawa, masana ndi madzulo, osati kudikira nkhuku ya pa Khirisimasi. Tiyi naye asamwedwe pamodzi ndi chakudya, chifukwa amatsekereza ayironi wopanga magazi. Ndipo chakudya chokha popanda kuyenda sichimanga mwendo: agogo amene angathe kusesa, kusankha khofi kapena kuyenda mpaka kwa mnansi, musawalande ntchitozo m'dzina la ulemu.

Pali zofunika kusamala. Amene achipatala anamupeza ndi matenda a impso asawonjezere nyama mwa yekha, atsatire muyezo umene wapatsidwa. Mkaka wa pakhomo uwiritsidwe usanamwedwe kapena kusasitsidwa, chifukwa umatha kupatsira chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena amene thupi lokalamba silingawapirire. Nyama ya nkhumba ipse mpaka mkati. Wa BP achepetse mchere ndi mafuta onona, osati nsomba ndi mazira, ndipo gadiyani asachoke pamaso pa dokotala asanafunse kuti, "Nanga adye chiyani?" Wodwala sitiroko amene amatsamwa pomeza adyetsedwe atakhala tsonga, pang'onopang'ono, osati ali chigonere.

Kwa inu amene mumatumiza ndalama kuchokera ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndalama yopanda dzina imathera pa shuga, sopo ndi feteleza, ndipo palibe wolakwa, poti zonsezo n'zofunika pakhomo. Ina ipatseni dzina. Panganani ndi mnansi wa ng'ombe yamkaka kuti kapu imodzi izifika m'mawa uliwonse, inu muzilipira pamwezi. Lipirani katemera wa chitopa, uja wodontheza m'diso, nkhuku zisathe ndi mliri, ndipo mugwirizane kuti pali thadzi limodzi limene mazira ake sapita kumsika. Agogo asadyere payekha kuseri. Wodya yekha amadya pang'ono. Koma dzira lawo liswedwere m'phala, kuti pasakhale choti aligawe panayi. Mukaimba foni, alamu anu musawafunse ngati wapolisi, atopa kale ndi ntchito imene inu simukuigwira. Mukatha kucheza nawo pemphani kuti mulankhuleko ndi ana. Mwana wa sitandade 3 akuuzani amene anadya dzira dzulo.